Amene Anatenga Namilulu

Lamulo lake aliyense m'mudzimo ankalidziwa. Boma likakana kulipirira msonkhano wa ku yunivesite, nyumba iliyonse yolandira mphunzitsi wodzayankhula pamsonkhanowo inkatsekeredwa mpope masiku asanu ndi awiri.

Komabe Nankhoma analandira Dokotala Mwalwanda, mayi wamfupi wa nsapato zafumbi, amene anabwera kudzafotokoza chimene chinaumitsa mtsinje wa Namilulu.

"Mayi a Tadala, ndiye tizimwa mapepala awowo?" anafunsa mwamuna wake, Gwaza, akupotokola mpope wouma.

"Mwaiwala kodi, bambo a Tadala, kuti munandifunsira mbeta pamtsinje womwewo? Ine ndikufuna ndimve amene anautenga."

Sabata imeneyo banjalo linaphunzira kukhala mwamtundu wina. M'mamawa ankayala zitenje paudzu kuti zimwe mame, kenako n'kuzifinyira m'ndowa. Mbale ankatsuka ndi mchenga. Mlendoyo, pochita manyazi, ankangomwa theka la kapu, theka linalo n'kuthirira tsabola wa kuseri kwa nyumba.

Msonkhano unachitikira pakati pa mtsinje woumawo, anthu atakhala pamiyala. Dokotala anawerenga modekha, kutchula madamu a kumtunda ndi mayina a amene anasayina kuti amangidwe. Nankhoma anatsinzina. Anamva ngati madzi akumukwera m'akakolo, ozizira, a fungo la matope, timatemba tikumugunda m'zala.

Atatsegula maso anaona Gwaza ataimirira pakati pa anthu, chipewa chili m'manja.

"Adokotala," anatero Gwaza, "tabwerezani mayina aja pang'onopang'ono. Ine kulemba sinditha, koma kuiwala sindiiwala."