Khadi Lolembedwa "Bambo"

Bambo anatembenuza khadilo, n'kuliyang'anitsitsa.

Mayeso a Chingerezi olowera digiri yachiwiri anali mawa lake. Sabata yonse ankandifunsa mawu achingerezi amene ndinalemba pamakhadi, ali pamakina awo osokera. Chingerezi sachidziwa, ndiye ankangondionetsa khadi, ine n'kunena tanthauzo. Kuseri anali asanayang'aneko.

"Apa palembedwa 'azakhali'. Tanthauzo lili kuti?"

"Ndi lomwelo," ndinatero. "Liwu lililonse lovuta ndimalipezera munthu wake kuti ndisaliiwale. Limenelo limatanthauza munthu wolongolola."

Anaseka mpaka tepi yoyezera inagwa pakhosi. Anafukula mulu wonse, akutchula anthu: mlamu, abusa, wometa wa pakona. Kenako kuseka kunatha.

"Nanga ili lolembedwa 'Bambo'?"

Ndinayankha: "Munthu wosakonda kulankhula, ngakhale mumtima muli zambiri."

Anatsata zilembo zachingerezizo ndi chala, chimodzichimodzi. Ndinadikira. Ndikakhoza mayesowa ndichoka pakhomo zaka ziwiri, koma chiwauzireni sananenepo kanthu.

Khadilo analiika m'thumba la malaya awo, pamodzi ndi choko, n'kunyamula lina.

"Nanga ili?"