Makoswe a Makhadi Obiriwira

"Kodi fungo limeneli nonsenu simukulimva?"

Pulofesa maso anali pa kompyuta. A Madala, osamalira makoswe, ankalemba nambala pamchira wa khoswe, lilime lili panja ngati mwana wongophunzira kumene kugwira pensulo.

Wofunsayo anali mtsikana amene anzake ankamutcha Mphuno, chifukwa chiyambireni ntchito m'chipinda chimenechi miyezi itatu yapitayo, dzanja lake silinkachoka pamphuno. Anakhala zaka zinayi ku koleji akuphunzira kupima magazi. Palibe anamuuza kuti magaziwo adzakhala a makoswe, kapena kuti eni akewo amakodzera m'manja mwa munthu akamawatenga.

Makoswewo poyamba analipo makumi anayi. Onse oyera, maso ofiira, michira yopanda ubweya ngati nyongolotsi. Onse anawaononga impso mwadala. Kuyambira nambala 1 mpaka 20 anali m'timakola ta makhadi obiriwira, ndipo ankabayidwa mankhwala atsopano a Pulofesa. Otsalawo, a makhadi ofiira, ankabayidwa madzi a mchere basi.

Ofiira ankatupa, ubweya n'kuthothoka, kenako n'kufa. Tsopano anali atatsala asanu okha. Khoswe akafa ankalembedwa m'buku, Pulofesa n'kusaina. Popanda siginecha imeneyo, a ku ng'anjo yowotchera sankalandira ngakhale mchira.

Mwa obiriwira anafa mmodzi yekha, sabata yoyamba. Tsikulo Pulofesa anakalipira a Madala anthu onse akumva.

"Akafanso wina wa mbali iyi, bambo, mudzatuluka naye limodzi pageti."

Kuchokera pamenepo buku silinalandirenso wobiriwira.

"Manja anga awa," a Madala ankadzitama, akuonetsa zala zothimbirira ndi inki. Inki ya pamchira imafufutika msanga, choncho m'mawa uliwonse ankalembanso manambala aja, munthu wina asanafike.

Manja amenewo ndiwo ankamunyansa Mphuno kuposa makoswe. A Madala ankagwira khoswe ndi manja opanda magolovesi, n'kuwapukutira pa ovolosi, kenako n'kunyema nawo buledi. Makiyi a chipinda choswetsera makoswe ankawamangirira pa chingwe chakuda bii m'khosi. Kapu yawo ya tiyi inkakhala pamwamba pa firiji yakale pakona, firiji imene munthu wina aliyense sankaitsegula. Inali yongolira usana ndi usiku, koma kuyambira Lachiwiri inali itangoti zii.

Komabe Mphuno ankameza malovu n'kupirira, chifukwa magazi a obiriwira ankawapima yekha, kawiri kawiri. Anali abwino ngati eni ake sanadwalepo chibadwire. Ena mwa makoswewo ankathamanga ngati abwerera ku unyamata.

Kunyumba, bambo ake miyendo inali itatupa mpaka nsapato zonse zinawakana. Impso. Lolemba lotsatira, odwala oyamba ankayenera kukalembetsa kuti ayesedwe mankhwala aja, ndipo Mphuno anagwada kwa Pulofesa mpaka dzina la bambo ake linakhala pamwamba pa mndandanda. Mayi ake anali atasita kale shati yoyera.

Koma fungo la lero silinali la mkodzo wa masiku onse. Linali lolemera, lomata pakhosi.

"Alendo odzayendera ntchito yathu afika mawa m'mawa," Pulofesa anatero akutseka kompyuta. "Ndikufuna muno mununkhire sopo." Anatuluka, mphuno ataikwinya pang'ono, ngati fungolo ndi la munthu wina.

Mphuno anavala magolovesi awiri dzanja lililonse. Ankadziwa chimene chachitika: khoswe wofiira wafera kuseri kwa mashelefu, ndipo a Madala, ndi ulesi wawo, amusiya aole. Anakoka mashelefu onse. Anapeza fumbi, chakudya chotayika ndi supuni ya a Madala imene anasowa mwezi watha. Khoswe panalibe.

Atatembenuka anapeza a Madala ataima kutsogolo kwa firiji ija, kapu ili m'manja, chigongono chili pachivundikiro.

Zonse zinamveka.

"A Madala, mumasunga ndiwo zanu m'menemo? M'chipinda cha makoswe odwala?"

"Iyayi, a Mphuno. Inu mupite mukamwe tiyi, ndikonza ndekha."

"Ndiye mumakadyetsa ana anu zimenezo?"

"Ana anga amadya bwino. Mtima pansi, mwana wanga."

"Sendezani."

Sanasendeze. Mphuno anawalanda kapu ija n'kuiika pansi, ndipo nkhalambayo, posafuna kukankhana ndi mwana wamkazi, inachotsa chigongono.

Chivundikiro chitatseguka, fungolo linamumenya ngati khofi. Anagwira mpweya, misozi ikulengeza, n'kusuzumira.

Munalibe ndiwo. Munali timapepala ta pulasitiki tambirimbiri, tosanjidwa bwinobwino, tikusambira m'madzi ofiirira. M'kapepala kalikonse munali khoswe wotupa, mchira uli ndi nambala yolembedwa mwaluso. Anawerenga 3, 12, 16. Nambala 7 anaipeza katatu.

Kumbuyo kwake, m'kakhola ka khadi lobiriwira, nambala 7 ankasamba kumaso ndi timanja take.

"Musawauze bwana," a Madala ananong'ona. "Akafa ndimangotenga wina koswetsera n'kumulemba nambala. Onse ndi oyera, mwana wanga. Ndani angadziwe?"

Mphuno anavula magolovesi, limodzi limodzi, n'kutulutsa foni m'thumba.

"Amayi, shati ija ibwezeni m'sutikesi. Ababa Lolemba sapita."