Mawaya Osafika Kudenga

Lachiwiri lapitali ndinali pamzere ku chipatala cha maso kuno kumene ndakalambira. Amisiri anali atachotsa mabolodi a siling'i pamodzi ndi tizitsulo tina towanyamula. Chinandidabwitsa n'chakuti nyale zonse zinali m'malo mwake, iliyonse ikulendewera pa mawaya akeake ochokera kudenga la konkire. Ndinakumbukira siling'i ina ya kwathu, m'chipinda chosokeramo zovala momwe malemu mkazi wanga ankagwira ntchito tisanakwatirane. Nkhaniyi anandiuza ndi iyeyo, ndipo sanali munthu wokometsera nkhani.

Panali munthu wina wamagetsi, anthu ankamutchula kuti Zatheka chifukwa ntchito iliyonse ankaiyankha ndi mawu amenewo. Mlamu wake, mkulu wa mkazi wake, anali telala. Mayiyo atapeza chipinda chatsopano pansi pa nyumba yosanja, anaitana kalipentala kudzaika siling'i yolendewera ija, ndipo za magetsi anapatsa Zatheka. Wako ndi wako.

Kalipentala, munthu wachikulire, anamukokera Zatheka pambali.

"Achimwene, tizitsulo tangati ndi ta mabolodi basi. Nyale zanu za machubuzi n'zolemera. Lamulo la zomanga limati iliyonse ikhale ndi mawaya awiri, kona ino ndi kona yakutsidya, omangidwa kukonkire kumwambako. Ngakhale siling'i itagwa, nyale itsale."

"Madala, inu dziwani za matabwa," anayankha Zatheka. "Magetsi ndi athu."

Anakwera makwerero kukaboola konkire. Pa bowo loyamba lenilenilo kachitsulo koboolera kanathyoka, fumbi n'kumulowa m'maso. Anatsika, n'kuganiza. Kenako anadula mawaya olimba, n'kuwamanga bwinobwino ku nyale iliyonse, n'kuwawongola kuti aime chilili ngati tinyanga ta nkhono. Kumwambako sanagwire kanthu. Nyale zinangokhala pa tizitsulo ta kalipentala.

Woyendera nyumba wa boma atabwera, anakwera masitepe awiri, n'kutukula bolodi limodzi, n'kuunika ndi tochi. Anaona mawaya akukwera mumdima. Anasaina.

M'chipindamo munkakhalanso mayi ake a telala, apongozi a Zatheka. Ntchito yawo inali kusokerera mabatani. Maso anali atayamba kuchita chidima, choncho mpando wawo anauika pansi penipeni pa nyale yapakati.

Diso la telala silichedwa kuona msoko wokhota. Patapita miyezi iwiri mayiyo anaona kuti mzere wa siling'i wachita kamimba. Anachotsa tepi m'khosi, n'kuyeza kuchokera pansi kukafika pa nyale, n'kulemba pakhoma ndi choko chake cha nsalu. Lolemba lotsatira anayezanso. Panali patachepa theka la inchi. Lolemba linalo, inchi yathunthu. Anaitanitsa mlamu wake.

"Alamu, nyale yanu ikutsika."

"Ikutsika ikupita kuti? Ikufuna kudzasoka nawo?"

"Ndayeza katatu."

"Tepi yanuyo yatamuka poyeza mimba za mabwana."

Atsikana osoka anaseka, telala osaseka.

"Ndingofuna kudziwa. Mawaya aja munamanga pati?"

"Mwayamba liti zamagetsi, alamu? Woyendera anasaina ndi dzanja lake. Inu zisokani madiresi."

Telala anagula tepi yatsopano. Inanena zomwezo. Anapempha mayi ake kuti asunthire pakona.

"Pakonapo bowo la singano ndikaliona bwanji?" anatero gogoyo. "Nyaleyi anaika ndi mkamwini wanga. Ukufuna anthu aziti ndikuthawa ntchito ya mwana wanga?"

Telala anafuna kuitana kalipentala kuti adzasuzumire. Koma anaganiza za mng'ono wake, ndi mawu amene akanatuluka oti wanyoza mwamuna wa m'bale wake pamaso pa mlendo. Anati aona sabata yamawa.

Lachisanu m'mawa kunali mphepo. Kasitomala wina anasiya chitseko chosatseka, chinadzimenya mwamphamvu. Kumwamba kunamveka kuti thwa! Kachitsulo kanafwamphuka, nyale yonse ndi mabolodi awiri zinatsika pamodzi. Gogo anali atatambasula dzanja lamanja kuti atenge batani m'mbale. Zinagwera pomwepo.

Atathamangira nawo gogoyo kuchipatala, kalipentala anabwera kudzaona. Ananyamula nyale ija. Mawaya onse awiri analipo, omangidwa mwaluso kunsi. Kumwamba kwake anali owongoka, opanda mfundo, opanda ngakhale pokhota.

"Zaka makumi anayi pantchito," anatero, "sindinaonepo nyale yomangiriridwa ku mphepo."

Tsiku lachitatu Zatheka anapita kuchipatala, chipewa m'manja. Anaima kumiyendo kwa bedi. Apongozi ake anali ndi chikhakha kuyambira m'zala mpaka pachigongono. Sanamukalipire. Anamuyang'ana ngati munthu amene akufunadi kumvetsa.

"Bambo, akundiuza kuti mawaya analipo."

"Analipo, mayi."

"Ndiye ndakhala ndikudzifunsa. Munawadula, munawamanga, munawawongola limodzilimodzi. Ntchito yonseyo. Nthawi imeneyo simukanagula kachitsulo kena n'kuboola mabowo?"

Zatheka anayang'ana chipewa chake.

Dzanja linapola, koma zala sizinagwirenso singano. Gogoyo ankabwerabe kuchipindako, n'kukhala pakhomo, kumaonera ena akusokerera mabatani ake.

Phunziro: Siling'i yolendewera si denga, ndi chovala cha denga. Nyale iliyonse yolemera imangidwe payokha kukonkire kapena kumitanda, monga malamulo a zomanga amanenera. Waya woonetsa woyendera sanyamula kanthu. Ndipo mukaona chinthu chikutsika, chibale chisakutsekeni pakamwa; itanani wodziwa asuzumire lero lomwe. Tumizani nkhaniyi kwa amisiri ndi onse amene amakhala pansi pa nyale zotere. Ine ndailemba mwachidule pafoni, zilembo zikundivuta kuona. Wina wa dzanja labwino ailembe papepala ndi zilembo zazikulu, aimate pamene amisiri amasungira makwerero.