Lipenga Lapeza Mtima

"Imani! Bwerezaninso pomwepo!" anakuwa mphunzitsi wa bandi, dzanja lili pachifuwa.

Telala wina amene ankaphunzira kuliza lipenga anabwereza, mtima uli m'mwamba. Kwa miyezi isanu ndi umodzi lipenga lake linkalira ngati mbuzi yomangidwa, ndipo anali atachenjezedwa kuti akapanda kusintha achotsedwa m'bandi. Koma tsikuli lipengalo linatulutsa mawu ofewa, ozizira bwino, ofika pamtima.

"Mwamva nonsenu?" mphunzitsi anatembenukira oimba enawo. "Izi ndi zimene ndimanena tsiku ndi tsiku. Mpweya uzichokera pamchombo, maganizo akhale pa malemu mayi anu. Njira yangayi ndinaivutikira zaka makumi awiri!"

Telala anavomera ndi mutu monyadira, ngakhale mayi ake anali moyo ndithu.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, n'kulowa mkazi wake ali wefuwefu.

"Pepani aphunzitsi, sindichedwa. Abambo, ndinaiwala kukuuzani. Dzulo phokoso lanu linandidwalitsa mutu, ndiye mutapita kukasamba ndinakankhiramo kanthu."

Anapisa zala m'kamwa mwa lipengalo n'kusolola sokosi yakuda, yobooka pachidendene.

Telala analakalaka pansi patang'ambika kuti alowepo. Pofuna kuchotsa manyazi analizanso lipenga lija, ndipo mawindo ananjenjemera, woimba ng'oma n'kutseka m'makutu.

Mphunzitsi anatsokomola pang'ono. Anayang'ana malipenga ena asanu ndi awiri amene anali m'manja mwa ophunzira ake, kenako anasendera kwa mayiyo n'kunong'ona:

"Mayi, kunyumbako masokosi oterewa alipo angati?"