Inki ya Opambana

Lamulo lake linali losavuta kumva. Lipenga lochenjeza za bomba la nyukiliya likalira, m'phanga la boma munkalowa okhawo amene chala chawo chinali ndi inki ya chipani cholamula, pamodzi ndi ana awo. Chipani chilichonse chinali ndi inki yakeyake, yosafufutika mpaka chisankho china.

N'chifukwa chake Nangondo ndi amuna ake, a Chikaonda, anagawana mavoti. Iye anasankha chipani cha Lichero, chomwe chinkati chithetsa nkhondo ya kumalire. Amunawo anavotera cha Nkhwangwa mtima ukuwawa, kuti khanda lawo lisadzasowe wolilowetsa.

Wailesi italengeza kuti a Nkhwangwa apambana, mtsogoleri wawo analonjeza mabomba ena, ati oteteza mtendere. Nangondo anaizimitsa n'kutenga chitenje.

"Weramani, bambo a Tiyese. Muphunzire kubereka mwana kumsana."

"Mwina lipengalo sililiranso, mayi."

"Ndi anthu amenewa? Weramani."

Anawaika mwanayo kumsana n'kuwaonetsa pomanga mfundo. Tiyese analira, akutambasulira timanja kwa amake. A Chikaonda anazyolika.

"Nanga akadzafuna bere m'phangamo, ine ndidzatani?"

Nangondo anatuluka panja. Anapita kuseri kwa nyumba, nathyola tsabola, namusinja n'kudzipaka kumawere onse awiri. Kenaka anakhala pakhonde, akuyang'ana mwana amene anali asanamere ndi dzino lomwe.

"Bwerani nayeni kuno," anatero. "Adane nane lero, ndikadalipo woti ndimutonthoze."