Disiki ya Ukwati wa Gwendolyn

Nkhani iyi ndinaimva koyamba pa siteshoni ya Kafue, tikudikira sitima imene tsiku limenelo sinabwere. Zinali zaka zija mafakitale akugulitsidwa, anthu akuchotsedwa ntchito, katundu wakunja atadzaza m'mashopu. Ndayenda malo ambiri kuchokera pamenepo, koma iyi yandikanirira m'mutu, ndipo amene anandiuza analumbira kuti inachitikadi.

Panali munthu wina ku Kafue Estates, dzina lake Nedson. Ntchito itatha, anatenga gawo la ndalama zake za penshoni n'kukagula kompyuta yakale ku Lusaka. Mumsewu wawo wonse inali yoyamba. Ankaiphimba ndi nsalu yoluka, ndipo ngakhale mkazi wake Rhoda sankaloledwa kuipukuta fumbi.

Mng'ono wake wa Rhoda, Gwendolyn, anakwatiwa chaka chimenecho. Wojambula vidiyo anali mayi wina, Alice. Banja linasankha wojambula wamkazi dala, chifukwa mkwatibwi ankafuna kuti malangizo a m'chipinda ajambulidwenso, aja amayi amadzitsekera ndi ng'oma n'kumuphunzitsa za m'banja, kuti azidzaonera yekha kunyumba kwake. Mwamuna salowa kumeneko. Ngakhale kudutsa pawindo n'kulakwa.

Vidiyo itaikidwa pa disiki, Nedson ndiye anakaitenga kwa Alice.

"Ba Nedson, mvelani bwino," anatero Alice. "Iyi disiki ili na menyu. Ikayamba, ibweletsa mndandanda: za kutchalitchi, za kuphwando, na za azimayi. Imwe musankhe ziwili zoyamba chabe. Yachitatu ni ya Gwendolyn yekha."

"Nimaziwa menyu, mayi."

"Koma pulogilamu ya pa kompyuta yanu nimaiziwa, sionetsa menyu. Imangothamangila chigawo chachitali maningi kupambana zonse. Bwelekani deki yoonelapo madisiki, ya limoti, kapena mubwele niikemo pulogilamu ina."

Nedson anaseka. "Kompyuta nagula ine, kuniphunzisa muniphunzise imwe?"

Kunyumba Rhoda anamuchondereranso. "Atate ake Owen, bwanji osaipereka kaye kwa mwini wake? Kapena tibwereke deki kwa aneba."

"Kuti apongozi anene kuti mkamwini wawo amaonetsa zobwereka? Ayi."

Kuiyesa yekha kaye sanaiyese. Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anaitana onse: apongozi aamuna ndi aakazi kuchokera ku Nangongwe, makolo a mkwati, ndi akulu a mpingo awiri. Mipando inachepa, amayi anakhala pamphasa. Apongozi aakazi anakhala pakona, atafunda chitenje, chifukwa iwo ndi Nedson ankasungirana ulemu wachikale. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati, sanadyepo mbale imodzi, sanagwiranepo chanza, ndipo moni ankapatsana atayang'ana kumbali.

Nedson anachotsa nsalu ija pang'onopang'ono kuti onse aone. Anakweza masipika mpaka kumapeto. Anaika disiki.

"Manje muona tekinoloje," anatero.

Mndandanda sunabwere. Zinabwera ndi ng'oma.

Pagalasi panaoneka chipinda chotseka makatani, amayi atazungulira, nthungululu zili pakamwa. Pakati pawo panali apongozi ake aakazi, mayi wa Chigwirizano amene mpingo wonse unkawadziwa ndi bulauzi yoyera. Bulauziyo panalibe. Chitenje anamanga m'chiuno, mikanda ili poyera, akudula chiuno pamaso pa mwana wawo n'kumakuwa kuti, "Ona kuno iwe! Uzichita tere!"

Nedson anagwira mausi, kamuvi osaoneka. Anamenya mabatani onse, chithunzi chinangokula n'kudzaza galasi lonse. Mkulu wa mpingo mmodzi anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Apongozi aamuna anaphimba nkhope ndi chipewa. Bambo ake a mkwati anatsokomola, natsokomolanso, n'kutuluka.

"Zimani! Zimani, kodi!" anakuwa Rhoda. Anadumpha miyendo ya alendo n'kuzula chingwe kukhoma.

Apongozi aakazi anadzuka, anakokera chitenje kumutu mpaka kubisa nkhope, natuluka. Nsapato zawo anazisiya pakhomo. Anayenda opanda nsapato mpaka ku Nangongwe.

Nedson anayesa kunena kuti ndi kompyuta yalakwa. Alendo anatuluka mmodzimmodzi, chakudya chili chivundikirire patebulo.

Lachitatu lisanafike, nkhani inali itafika kumsika. Pokwerera minibasi anthu ankati akamuona amayamba kuimba ng'oma pachitseko cha galimoto. Apongozi aakazi aja anasiya kukhala kutsogolo m'tchalitchi, kenako anasiyiratu kubwera. Gwendolyn analira sabata yathunthu, chifukwa apongozi ake aamuna anali ataona zimene ngakhale mwamuna wake sankayenera kuona. Rhoda anatenga ana n'kupita kwa amayi ake.

Patatha mwezi Nedson anagula nkhuku yoyera, anatenga amalume ake, nakagwada pabwalo ku Nangongwe dzuwa lili pamutu. Anagwada nthawi yaitali. Apongozi sanatuluke. Anatuma Rhoda, amene anaima pakhomo maso ali pansi.

"Akuti nkhuku alandira, ndipo ine ndibwerera kunyumba mawa. Koma akuti pakhomo panu sadzapondaponso. Akuti munthu amene anawaona chomwecho, angamuyang'ane bwanji n'kumutcha mwana wawo?"

Ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti sanapondepodi. Ana anabatizidwa, Owen anakwatira, mayiwo ankangotumiza mphatso. Anamwalira asanalowenso m'nyumba ija.

Ndalemba izi nditakhala pakhonde la mnzanga, tangomaliza kudya nshima yamadzulo. Akuti ndigone konkuno, koma ine kukhala malo amodzi kumandiyabwa. Nditenge chikwama changa ndikaone ngati pamsewu patsala basi.

Phunziro: Wodziwa ntchito yake akakuchenjeza, mvera, ngakhale chipangizocho unagula ndiwe. Chimene sunachione wekha usachionetse pagulu, chifukwa manyazi ake amagwera anthu osalakwa, ndipo kupepesa sikufufuta zimene maso aona. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja amati amadziwa zonse.