Kudyetsa Masheya

Chiletsereni dizilo pamadzi, maboti onse a pa Shire ankayendera mafuta ophikidwa kuchokera ku namasupuni, chomera chomwe makolo ankachitukwana kuti chimatseka madooko. Nasimango anagulitsa mbuzi zake zonse n'kugula masheya m'kakampani kophika mafutawo ku Chiromo. Khola linasanduka mosungira nkhuni.

M'mawa wina mwamuna wake anabwera kuchokera kudooko nkhope itagwa.

"Amake Tiyese, masheya anu aja agwa mtengo. Akuti matanki a kampani ndi ouma, anyamata odula namasupuni athawira kokolola mpunga. Gulitsani lero lomwe, mwina tingapezeko kamwana ka mbuzi."

Nasimango anasolola chikwakwa patsindwi n'kuyamba kuchinola pamwala.

"Bambo ake Tiyese, chaka cha chilala chija mbuzi zitaonda mpaka nthiti kuoneka, tinagulitsa?"

"Ayi, munkakazidulira masamba kuphiri."

"Izinso ndi mbuzi zanga. Sizikudwala, yazigwira ndi njala basi."

"Koma m'namasupunimo muli ng'ona, mayi!"

Nasimango anamangitsa chitenje m'chiuno, nayesa chikwakwa chija ndi chala.

"Ndiye tengani nkhafi muzikandiyang'anira. Zoweta zanga sizigona ndi njala ine ndili moyo."